Telala Amene Ankakana Kukulitsa Buluku

Lachisanu lapitali panakwana chaka Che Amidu chimwalirire, ndipo pasitolo palibe amene anatchula dzina lawo. Ndikanakhala chete monga ndachitira chaka chonsechi, koma madzulo a tsiku lomwelo, mu takisi yopita ku Eersterust, kuno ku Pretoria, anyamata awiri a kwathu ankacheza kumbuyo kwanga. Wina anafunsa mnzake ngati akumukumbuka mdala wamisala uja wa ku Marabastad, amene anadula buluku la mkwati ndi sizasi. Anaseka onse awiri. Ine ndinatembenuka n'kuwauza kuti wamisala ndi amene anawalera. 

Buluku analidula, sindikukana. Ndinalipo, simbi ili m'manja. Koma anthu amakonda kunyamula mutu wa nkhani n'kusiya thupi lake, ndiye ine ndinena zonse, okwiya akwiye.

Ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zinayi m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya masuti ya ku Marabastad ya Bwana Ebrahim, mmwenye wa ku Laudium, dera la amwenye. Iwo anali telala, ine wosita ndi kusokerera mabatani. Anali aafupi, owonda, a kofiya yoyera yosachoka pamutu, magalasi omangidwa ndi ulusi wakuda mbali imodzi. Kwawo kunali ku Machinga, ndipo Chichewa chawo chinali cha Chiyao ndithu, koma potukwana sichinkaphonya. Utelala anauphunzira ali mnyamata pakhonde la sitolo ya mmwenye ku Limbe. Ku Joni kuno anabwera ali kale ndi imvi, akudziwa amwenye kuposa momwe ankadziwira abale awo enieni.

Chilichonse ankasoka. Zipi, kolala yotha, kufupikitsa miyendo, kupanikiza jekete, zonsezo osawiringula. Mdala wa chimimba akabweretsa buluku kuti likulitsidwe, ankalikulitsa osanena kanthu, ati ameneyo wadya kale zaka zake. Koma abwere mnyamata wa chimwenye wosafika zaka makumi anayi, anene kuti m'chiuno mwayamba kuthina, pamenepo makina ankaima. Ankatulutsa chingwe cha makatani, n'kumuimika mnyamatayo pakhoma, n'kumuyeza kuchokera pamutu kufika pansi. Kenako ankapinda chingwecho pawiri n'kuchizunguliza pamchombo. Nsonga zake zikakumana, ankamupatsa mpando. Zikalephera kukumana, ankamubwezera buluku lake ndi kumuuza kuti akayambe waonana ndi dokotala. Anyamata ankayesa kukokera mimba m'kati, koma Che Amidu ankangowafunsa za mpira wa dzulo. Munthu sanganyoze timu ya mnzake atagwira mpweya.

Nzeru ya chingweyi anaitenga kwa mayi wina, dokotala wa chimwenye, amene ankabweretsa zovala za bambo ake. Mayiyo anawafotokozera kuti chiuno cha munthu chisamapitirire theka la msinkhu wake, komanso kuti anthu a mtundu wao mtima umawagwetsa msanga kuposa ena, ngakhale akuoneka owonda. Che Amidu anati zimenezo anali atazidziwa kale ndi tepi yoyezera, chabe analibe mawu ake. Ankanena kuti mafuta a mmwenye ndi akuba, sakhala pankhope kapena m'mikono pomwe anthu angawaone, amabisala m'mimba. Ankanenanso kuti mwana wa mmwenye amalandira zinthu ziwiri kwa bambo ake, sitolo ndi mtima, ndipo amasamala chimodzi chokha.

Choncho poyeza ankafunsa mafunso amene telala safunsa. Bambo ako alipo? Anamwalira ndi chiyani, ali ndi zaka zingati? Nanga amalume? Shuga m'banja mwanu alimo? Ndudu sankafunsa, ankangonunkhiza jekete. Ankawawerengera machimo awo pamaso: samusa zokazinga m'mafuta a dzulo, tiyi wa masupuni anayi, zakumwa za m'mabotolo m'malo mwa madzi, kukhala pakauntala kuyambira m'mawa mpaka kutseka, galimoto ngakhale popita ku mzikiti wa pakona, ndi nkhawa za bizinesi zomwe munthu amagona nazo n'kudzuka nazo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ankatero uku akuluma ulusi. Anyamatawo Chichewa sankachimva, koma nkhope ankaimva.

Musaganize kuti anali mngelo. Anathamangitsa makasitomala ambiri, ena osabweranso. Mnyamata wina anamutumiza kwa dokotala, n'kubwerako ndi pepala loti alibe vuto lililonse, koma Che Amidu sanapepese, anangoti adokotalawo ndi ana. Ine ankandilanda shuga pa tiyi wanga ngati ndine mwana wao. Pamene iwo eni ake fodya wa pamphuno sankamusiya, ndipo ndikawafunsa ankati mphuno ili kutali ndi mtima. Bodza limenelo sindinawakhululukire mpaka pano.

Ndi anthu a kwathu ankakangana koposa. Lamlungu amuna a ku Mangochi ndi ku Machinga ankasonkhana pabwalo la nyumba yomwe ankachita lendi ku Eersterust, ndipo nkhani inkafika pomwepo. Ankawafunsa kuti za amwenye zikuwakhudza bwanji, anthu oti amatiitana ngati agalu, oti mbale yathu amaiika payokha. Tsiku lina ndinamva mmodzi, wogulitsa zipewa mu tauni, akunena poyera.

"Asiyeni azifa, Che Amidu. Eish, inu ndinu telala, si inu a Health. Akakuchotsani ntchito mudzadya chingwe chanucho?"

"Iwe sunang'ambepo sanda," anayankha iwo, n'kupitiriza kusenda chinangwa chao.

Sanda ndiyo inali kumbuyo kwa zonse. Sitolo yathu imagulitsanso nsalu yoyera, ndipo kukagwa maliro ku Laudium foni inkalira, Che Amidu n'kuyeza nsalu yokulungira mtembo ndi kuing'amba. Asanang'ambe ankafunsa zaka za womwalirayo. Ndinawaona tsiku lina akung'amba sanda ya mnyamata amene miyezi iwiri m'mbuyomo anamukulitsira suti. Nthawi imeneyo anali asanayambe zokanazi. Mnyamatayo anagwa pamalo oimikapo galimoto, makiyi ali m'manja, n'kusiya mkazi woyembekezera. Che Amidu sanadye tsiku limenelo. Anandiuza kuti bwana wao woyamba ku Limbe anafanso chomwecho, anatuluka m'sitolo kudzawafunsa za diresi la kasitomala, n'kugwera pa makina awo asanamalize mawu. Anati kwa zaka zonsezi akhala akuthandiza mabuluku kubisa zimene mabuluku ankayesa kunena, ndipo atopa nazo.

Tsopano za mkwati uja. Anali Riyaz, mwana woyamba wa Bwana Ebrahim, amene anakulira pansi pa tebulo la Che Amidu akutola zidutswa za nsalu. Ankawatcha Ankolo, ndipo Chichewa ankachithyola pang'ono. Anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, wamtali, miyendo yowonda, moti aliyense ankati si wonenepa. Koma ndudu paketi patsiku, ndipo m'thumba mwake simunkasowa timapiritsi toyera ta chilungulira, tomwe ankatafuna ngati maswiti. Agogo ake aamuna anafa ndi mtima. Amalume ake chimodzimodzi, asanaone zidzukulu. Bambo ake, Bwana Ebrahim, anali ndi chipsera chachitali pachifuwa, cha opaleshoni yomwe m'sitolomo inali yoletsedwa kuitchula.

Nsalu ya suti ya ukwati inachokera kwa makolo a mkwatibwi. Anakaigula ku India, yoyererako ngati mkaka, ndipo ku Joni konse kunalibe ina yofanana nayo. Kuvala suti ina pa ukwatiwo kukanakhala kuwatukwana apongozi. Che Amidu anaisoka kutatsala miyezi inayi. Monga telala aliyense wanzeru, anasiya nsalu yapadera m'kati mwa msoko wa kumbuyo kwa buluku, yokwana zala zitatu, kuti mwina lidzafunika kukulitsa. Kutatsala sabata ziwiri Riyaz anabwera kudzayesa, ndipo batani la m'chiuno linakana.

"Ankolo, zala ziwiri basi," anatero akuseka. "Please. Zakudya za chinkhoswe izi, nyumba iliyonse akundidyetsa."

"Masitepe okwerera kosungira katundu ndi khumi ndi awiri," anatero Che Amidu. "Iwe umaima pa lachisanu ndi chiwiri n'kugwira pachifuwa. Ndakuwerengera mwezi wonse uno."

"Ndi chilungulira, Ankolo. Biriyani."

"Chilungulira chimadziwa bwanji masitepe?"

Riyaz anasiya kuseka n'kukaitana bambo ake. Bwana Ebrahim analowa ndi liwiro, n'kunena m'Chingerezi kuti zamasewera za chingwe azichita kwa makasitomala, osati kwa mwana wa mwini sitolo, ndipo buluku likhale litakonzeka pofika madzulo. Che Amidu anavula magalasi n'kuwaika pa makina. Anawayankha m'Chingerezi chao cha ku Limbe, pang'onopang'ono, kuti pasapezeke wonena kuti sanamve.

"Bwana, masulani malaya anuwo mwanayu aone pomwe akupita."

 Chipsera chimenecho ngakhale akazi awo a bwana sankachitchula pagulu. Bwana anakuwa kuti munthu wakuda wa pamakina sangawauze za thupi lao, ndipo ngati sakufuna kukulitsa, matelala ali mbwee mu Marabastad. Anatambasula dzanja kuti atenge buluku. Che Amidu anachita changu n'kuyamba ndiwo kulitenga. Analitembenuza, anatenga sizasi yaikulu ija, n'kudula nsalu yapadera yonse ya m'kati, kuchokera m'chiuno kutsika, n'kutsala msoko wokhawokha. Kenako analipinda bwinobwino n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Kampatseni telala wanuyo akulitse mphepo."

Bwana anawachotsa ntchito pomwepo. Potuluka Che Amidu ananyamula singano zao, sizasi, ndi kathumba ka zidutswa zotsala za nsalu ya ku India ija. Bwana atazindikira anati aitana apolisi, ndipo nonse mukudziwa kuti mawu amenewo amatanthauza chiyani kwa munthu wa kwathu kuno, wokalamba, wopanda woti amulankhulire. Ine ndinawathamangira panja n'kuwachonderera kuti abweze kathumbako. Anandiyang'ana ngati ndawalavulira.

"Nabanda, bwerera ukasite. Apolisi akabwera andipeza apa."

Sanapite kunyumba. Anabwereka kreti kwa mayi wogulitsa tomato, n'kukhala tsidya la msewu, moyang'anana ndi khomo la sitolo, akusoka zikwama zong'ambika za anthu opita kurenki ya matakisi. Anakhala pamenepo masiku asanu, mphepo ya Pretoria ikuwalowa m'mafupa. Apolisi sanabwere, chifukwa Bwana anaopa kuti nkhani ifika kwa apongozi. Riyaz anayenda ndi buluku lija kwa matelala awiri, ndipo onse anati popanda nsalu yofanana palibe chimene angachite. Tsiku lachinayi amayi ake a Riyaz, munthu amene sanawolokepo msewu umenewo wapansi, anawoloka n'kuima patsogolo pa kreti. Analira, anawakumbutsa kuti mwanayu anamulera okha, kuti banja lichita manyazi. Che Amidu anaimirira mwaulemu n'kuwauza kuti chigamba adzaika ndi zidutswa zija, chosaoneka ndi maso, koma mwanayo abweretse pepala la dokotala. Anawonjeza kuti pakati pa nsalu yoyera ya kwa apongozi ndi nsalu yoyera ya sanda ya kuseri kwa kauntala, iwo asankhe yomwe akufuna kuti telala agwire.

Riyaz anapita kwa dokotala tsiku lachisanu ndi chimodzi, atakwiya, akunena kuti akukatenga pepala loti amutseke pakamwa mdalayo. Sanabwere nalo. Anamupeza ndi shuga, magazi akuthamanga kwambiri, mafuta ambiri m'magazi, ndipo atamva za masitepe aja anamutumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Kumeneko anapeza mtsempha umodzi wa mtima utatsala pang'ono kutsekeka, n'kuikamo kachitsulo kakang'ono koutsegula.

Mukuganiza kuti anawathokoza? Ayi ndithu. Ukwati unasunthidwa miyezi iwiri. Amalume a mkwatibwi anayamba kung'ung'udza kuti akupatsidwa munthu wodwala, ndipo ukwati ukanatha, chikhala kuti mtsikanayo sanaumirire yekha. Banja lonse linati manyazi amenewa awabweretsa ndi telala. Ena anafika ponena kuti mdala wa ku Malawi anamulodza mwanayo ndi chingwe. Wakutsina khutu ndi mnansi, timatero kwathu, koma khutu likamawawa munthu saona unansiwo. Che Amidu anabwerera pa ntchito chifukwa Riyaz anauza bambo ake ali pabedi la chipatala kuti Ankolo akapanda kubwerera, iyenso sabwerera. Chigamba anachiika monga analonjezera, ndipo ine amene ndinasita bulukulo ndinachifunafuna osachipeza. Ku ukwati sanaitanidwe. Anawatumizira mbale ya biriyani kuseri, iwo anaikankhira kwa ine, ndipo ine ndinadya yonse, sindinama.

Bwana Ebrahim sanawalankhulenso mwachindunji. Zaka zisanu ndi zitatu, anthu awiri okalamba m'sitolo imodzi, uthenga wonse unkadzera mwa ine. Muuze mdala wakoyo kuti jekete la kasitomala lifulumire. Auzeni abwana anuwo kuti manja ndili nawo awiri. Ndinkayenda pakati pao ngati mwana wa banja losweka. Che Amidu sanapepese ndipo sanadandaule. Ankati munthu amene wamuchititsa manyazi pamaso pa mwana wake ali ndi ufulu wokwiya, bola mwanayo ali moyo woti aziona mkwiyowo.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chatha, atadwala chibayo sabata ziwiri m'kachipinda kao ku Eersterust. Ndikunena matendawa dala. Anthu angapo anandifunsa kuti, "Ndi mtima?" ndipo ndinaona m'maso mwao kuti akufuna ndivomere, apeze poseka. Sunali mtima. Anaikidwa tsiku lomwelo monga achitira Asilamu, kuno ku Joni, ana awo ali kutali ku Machinga. Ine monga mkazi, komanso wa tchalitchi, kumanda sindinafike. Amuna amene anapita anandiuza kuti itakwana nthawi yoti ana a malemu atsikire m'dzenje kukalandira thupi, anthu anayamba kuyang'anana. Riyaz anavula nsapato n'kutsika. Pano ali ndi ana aakazi awiri, ndudu anasiya, ndipo madzulo amayenda wapansi kuzungulira bwalo la mpira ku Laudium, akazi ake akumuwerengera maulendo. Bwana Ebrahim akuti anaima patali, pafupi ndi mpanda, mpaka dothi lomaliza.

Telala wina sanalembedwe. Makina anawagulitsa patatha mwezi, ndipo pomwe anali patsala timaenje tinayi m'simenti ndi dontho lalikulu la mafuta lomwe sopo walikana. Pakona paja tsopano aunjikapo makatoni a nsapato, mpaka atseka theka la zenera, moti masana ndimasita nditayatsa getsi. Zokonza zazing'ono ndimachita ine ndi singano ya pamanja, zazikulu amatumiza kunja. Kachipindako kakula, ndipo sindikukakonda.

Pakhoma, pamwamba pa makatoniwo, pali msomali. Sabata zitatu zapitazo Bwana anabwera okha n'kupachikapo buluku lotuwa la Zaid, mwana wao womaliza, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, amene amasutira ndudu kuseri kwa chimbudzi akuganiza kuti sitikuona. Anabayapo kapepala kolemba dzina langa ndi mawu oti zala ziwiri m'chiuno. Ntchito ya theka la ola imeneyo, ndipo ndikuidziwa. Sindinaligwire, ndipo sindiligwira, andichotse ngati akufuna. Zaid wabwera kawiri kudzafunsa, ndamuuza komwe ayambire.

Bwana amalowa m'mawa uliwonse kudzatenga masuti ositidwa. Amayang'ana pamsomalipo, amayang'ana ine, n'kutuluka. Tsidya la msewu kuli telala wa ku Zimbabwe amene amakulitsa chilichonse osafunsa dzina la munthu, ndipo Bwana amadutsa pakhomo pake kawiri patsiku. Buluku likadali pamsomali.